Mendulo ya Okonza Ngolo a pa Nsaru

Agogo okonza ngolo pa Nsaru amasunga mendulo yachitsulo m'chitini cha fodya, ndipo Loweruka lililonse amaipukuta ndi phulusa. Bambo awo, amtengatenga pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, adailandira kwa msilikali wachijeremani amene ankatsirizika, kuti akapatse amayi ake. "Katundu wotumidwa satulira panjira," amatero agogowo.

Kettie, mdzukulu wawo, atabwera kuchokera ku Ulaya anaijambula pafoni, wogula n'kupezeka.

"Agogo, ndalama zake zikwana ng'ombe! Ngolo yanu iyendanso."

Agogo anaitembenuzatembenuza m'manja.

"Kodi wogulayo ndi m'bale wa mnyamata uja?"

"Ayi, amangotolera."

Agogo anatseka chitini.

"Foni yakoyo ifunse mudzi wakwawo kwa mnyamatayo, mwanawe. Bambo adamwalira akufunsabe njira."