Mkamwini Amene Ankaliza Belu

Pa kampingo kena ka ku Malenga Chanzi, belu lake ndi chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa pamtengo wa mango. Amene analiliza kwa zaka makumi atatu ndi zisanu anali bambo Raston Mhango.

Anabadwira kumapiri a ku Mzimba, komwe ali mwana ankanyamulira mlaliki chikwama cha mabuku. Atakula anatsikira kuno kudzakoka makoka, n'kukwatira mayi Rahila, n'kukhala chikamwini. Dimba la mpunga linali la akuchikazi, thukuta linali lawo. Anthu ankawatcha Mbwenumbwenu, kuseka kalankhulidwe ka kwawo, koma iwo ankangoti, "Musadandaule, belu ndiliza m'Chichewa." Mvula, malungo, sanajombepo.

Mayi Rahila anamwalira mu 1994, masankho atangotha, pamene aliyense ankawerengera mnzake voti poyang'ana mtundu wake. A Maganizo, mlongo wa mayi Rahila, eni mbumba, anati Atumbuka amakokera zonse kwawo, ndipo mawa munthuyu adzatenga ana ndi dimba lomwe, poti kwawo ana ndi a bambo. Chikhalirecho bambo Raston sanaperekepo ng'ombe ya lobola, ndipo ana anali akuluakulu. Anawasudzula mwezi usanathe. Keti, mwana wawo woyamba, analira, koma pamaso pa malume akanatani?

Bambo Raston anapita ku Mzimba. Anakapeza minda itagawidwa, Chitumbuka chikuwakola pakamwa, ana a abale awo akunong'onezana kuti kwabwera Mchewa wa zinyau. Patatha miyezi itatu, belu lili chete, anabwerera kuno. Anawalandira ndi a Habibu, Msilamu wosoka maukonde. "Lowani, achimwene. Ifenso Achawa ali nazo zotinena."

Kwa akulu a mpingo anapempha chinthu chimodzi chokha: akadzafa, adzagone pafupi ndi mkazi wawo. Akuluwo anayang'ana pansi, nati manda ndi a mudzi, si a mpingo. Bambo Raston anathokoza, n'kukatenga nyundo yawo yolizira belu. Lamulungu lililonse ankapempherera a Maganizo powatchula dzina, ndipo anthu ankatsokomola.

Anatisiya Lamulungu m'mawa, chaka chotsatira. Atatha kuliza belu loyamba anakhala pansi motsamira mtengo uja, nyundo ili pamiyendo, ndipo obwera kumapemphero ankawapatsa moni poganiza kuti akupuma. Keti anakagwada kwa malume ake kawiri, kupempha kuti bambo ake agone pafupi ndi mayi ake. A Maganizo anakana. Bambo Raston anaikidwa kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi njira ya njinga, kutali ndi mayi Rahila.

Tsiku la maliro panasowa woliza belu, poti m'zaka zonsezo palibe anaphunzira. A Habibu ndiwo anatola nyundo, chisoti chawo chili kumutu, n'kumenya chitsulocho mmene anadziwira. Amayi ena kumbuyo anadandaula kuti belu silikumveka bwino ngati mmene ankalizira Mtumbuka uja.