Tsiku limene tinamukulunga Mwanaisha m'bafuta

Lachitatu lapitali ana anga a Fomu 3 anatsala pang'ono kuchititsa maliro a munthu wamoyo. Amayi analira, amuna anayamba kufunsana za makasu, pamene mwini malirowo anali gone pa chitseko akudziletsa kuseka. Ine mphunzitsi wawo ndinali pomwepo, diso limodzi lili pa kamera.

Ndiyambe poyambira. Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti nditasiya utolankhani ndinabwera kuno ku Nkhotakota kudzaphunzitsa Chingerezi ndi zisudzo pa sukulu ina ya sekondale. Teremu ino takhala tikuwerenga nkhani zoopsa za kwa azungu, zija za nyumba yaikulu yakale yokhala payokha, mwini wake wouma mtima, chipinda chimene sichitsegulidwa, ndi wakufa amene akukana kugona chifukwa anamulakwira.

Anawo sanachite nazo mantha. Anati mizukwa ya azungu ndi yaulesi, ntchito yake ndi kugogoda zitseko basi, pomwe ndondocha za kuno zimalima dimba lonse la mpunga popanda kupempha madzi akumwa. Anapempha kuti apeke nkhani yawoyawo.

Amene anaipeka ndi Mwanaisha, mwana wa bambo Saidi, telala wa pakhonde lina kufupi ndi msika. Ndi mtsikana wosalankhulalankhula, koma cholembera chake chimaluma. Analemba za kapolo wamkazi amene wamalonda wina wa makedzana anamutsekera m'chipinda mpaka kufa, ndipo patapita zaka amabwera kudzaima pakhomo pa adzukulu a wamalondayo. Sawamenya, sawatukwana. Amangoima.

Ndiye panabwera za kamera. Mphunzitsi wina wochokera kunja, pobwerera kwawo, anatisiyira kakamera ka kanema ndi filimu imodzi yokha. Zoona zake za kamerayi ndi izi: sijambula mawu, filimu yake imatha munthu asanamalize kumwa kapu ya tiyi, iyenera kutumizidwa kunja kuti akaitsuke, ndipo imafuna kuwala kwambiri. Choncho mzukwa wathu unayenera kutuluka masana, dzuwa lili paliwombo. Ana amene kanema amangomuonera pa galimoto ija imabwera kudzationetsa za feteleza anasangalala zosaneneka kuti nawonso aoneka pansalu.

Mzukwa umafuna chovala. Ndinatuma anyamata kukagula bafuta. Wogulitsa atamva kutalika kwa nsalu imene akufuna anatsitsa mawu n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Iwo anaseka n'kutuluka osamuyankha. Kuno munthu akagula nsalu yoyera yaitali choncho, aliyense amadziwa kuti ndi sanda, nsalu yokulungira maliro a Chisilamu. Choncho tisanayambe n'komwe, theka la msika linali litamva kale kuti kusukulu kwagwa zovuta.

Tinapita ku bwinja la nyumba ya njerwa imene ili m'mbali mwa njira yotsikira kudoko. Ine ndimati tingomufunditsa Mwanaisha nsaluyo kumutu. Anyamata anakana, akuti zimenezo n'zachibwana, aoneka ngati munthu wodwala malungo. Ambiri mwa iwo akulira m'mabanja a Chisilamu ndipo aona maliro ambiri. Anamukulunga mwaluso, kumanga kumutu, m'chiuno ndi kumapazi, monga momwe akulu amachitira, n'kumugoneka pa chitseko chakale, n'kumunyamula pamapewa. Ndinawayamikira. Paja ndakhala ndikuwauza teremu yonse kuti sewero labwino liyenera kufanana ndi zenizeni.

Zinafananadi. Amayi ena amene amachokera kovuula chinangwa anaona patali ana a sukulu atanyamula sanda. Anafunsa wina wa m'kalasimo amene anaima kumsewu kuti ndi ndani, iye n'kuyankha mosalabadira kuti ndi Mwanaisha wa a Saidi. Madengu anatsala panjira pomwepo.

Mayi ake a Mwanaisha anafika akuthamanga, mpango utagwa, khamu lili pambuyo. Anadzigwetsa pansi tisanathe kunena kanthu. Mwanaisha atamva mawu a mayi ake anayesa kudzuka ali womangidwa, ndipo amayi amene anali kutsogolo ataona sanda ikudzuka anabalalikira m'chinangwa cha eni ake. Mwina mukuseka. Inenso ndikanaseka chikhala kuti ndinamva nkhaniyi kwa wina. Koma kulira kwa mayi uja ndikukumvabe.

A tcheyamani a nthambi ya chipani nawo anatulukira, kufunsa kuti msonkhano umenewu waloleza ndani. Ndinawafotokozera kuti si msonkhano. Anayang'ana khamulo, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti tidzakambirana.

Bambo Saidi atafika sanakalipe. Anamasula okha mfundo zonse, anapinda bafutayo bwinobwino monga mwa ntchito yawo, anagwira mwana wawo padzanja n'kundiuza motsitsa kuti za sukulu zathera pomwepo. Anawonjezera kuti pali mnyamata wina wogwira ntchito ku nzimbe ku Dwangwa amene abale ake akhala akubwera kudzafunsira, ndipo iwo ankangowazengereza chifukwa cha sukulu yomweyo.

Apa ndi pamene nkhani inasiya kuseketsa. Atsikana amene amafika Fomu 3 m'dera lino mungawawerenge pa zala. Mwanaisha ndi mmodzi mwa amene ndikudziwa kuti akhoza kukhoza mayeso chaka chamawa.

Tsono tiyeni tikambirane, awerengi anga. Ndi mtundu uti wa anthu umene umakonda nkhani zoopsa kuposa ife? Khalani pa doko asodzi akusoka makoka, mumve za ng'ona yotumidwa imene imasankha munthu pakati pa anzake. Kwerani basi yopita ku Liwaladzi, musanafike mudzakhala mutamva za mwini chigayo amene akuti anapha mphwake kuti makina azizungulira. Nkhani zimenezi timazikamba ana ali pomwepo, timatchula ndi mayina omwe, ndipo nthawi zina nkhalamba yosalakwa imathamangitsidwa m'mudzi chifukwa cha izo. Palibe amene amati tisiye.

Koma mwana akatenga mantha omwewo n'kuwaika m'sewero, pamene tonse tikudziwa kuti wakufayo adzuka n'kukadya, timanjenjemera. Chifukwa chiyani?

Sindikunena kuti bambo Saidi alakwa. Sanda si chovala choseweretsa, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya: amene anayenera kuganiza zimenezo ndi mphunzitsi. Chimene chanditopetsa n'chakuti iwo ndi omaliza chabe pa mzere wautali wa anthu amene aliyense wadulapo kake, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chomveka.

Seweroli lisanafike pa bwinja paja linali litaonda kale. A hedimasitala, munthu wabwino amene watsala pang'ono kupuma pa ntchito ndipo akufuna kupuma mwamtendere, analiwerenga kawiri. Anati wamalonda uja, nkhalamba yolemera imene aliyense amaiopa, achepetsedwe, poti ena angaganize zina. Anati mawu oti kutsekera achoke, tilembe kuti kapoloyo anadwala. Mphunzitsi wa Baibulo anati akufa sabwerera, ndipo tisaphunzitse ana zabodza. Mayi wina wa komiti ya sukulu anafunsa chifukwa chake ana sangachite sewero losangalatsa, la kuwiritsa madzi akumwa kapena kubzala m'mizere, ngati chaka chatha.

Ndaonera masewero a kuwiritsa madzi ochuluka. Madziwo amawira bwino ndithu. Koma sindinaonepo mwana akutuluka m'seweromo atadziwa kanthu za mtima wa munthu, za chifukwa chake munthu amachitira mnzake nkhanza, kapena chimene chimachitikira banja likabisa choipa kwa zaka zambiri. Nkhani zoopsa ntchito yake ndi imeneyo. Mzukwa ndi mlandu umene anthu anakana kuuweruza. Mwanaisha anazimvetsa zimenezi popanda ine kumuuza, n'chifukwa chake mzukwa wake umangoima pakhomo.

Loweruka ndinapita kwa bambo Saidi. Ndinawapeza akusoka yunifolomu ya mwana wa wina. Anandipatsa mpando, tinalonjerana mwaulemu, tinakamba za kukwera kwa madzi ndi kusowa kwa ulusi m'masitolo. Kenaka ndinapepesa, n'kuwapempha kuti chilango chigwere ine, osati mwana. Ndinawakumbutsa kuti mtsikana akachoka pa sukulu pa msinkhu umenewu sabwereranso.

Anaimitsa makina.

"Aphunzitsi, mayi ake alira maliro a mwana wamoyo. Anthu abwera kudzapepesa pakhomo panga. Inu mukuti linali sewero. Nanga misozi ija inali ya sewero?"



Anafunsa ngati n'zoona kuti m'kabokosi kaja mwatsala chithunzi cha mwana wawo ali m'sanda, ndiponso kuti chidzapita kunja kukaonedwa ndi anthu osawadziwa. Ndinavomera. Anati akhoza kupirira zonena za anthu, koma sangagone podziwa kuti kwinakwake mwana wawo ndi maliro osatha, oti aliyense akafuna aziwaonera. Ndikawapatsa filimuyo, ndipo Mwanaisha akapanda kukweranso pa bwalo la zisudzo, abale a ku Dwangwa aja adikirabe.

Filimuyo ndinali nayo m'thumba. Ndinawapatsa. Anaikanula ndi sizasi yawo yaikulu n'kuisolola padzuwa ngati matumbo a nsomba, akuiyang'anitsitsa kuti aone nkhope ya mwana wawo. Ndinawauza kuti sangaone kanthu, filimu yosatsuka ikaona kuwala imafa nthawi yomweyo. Anati ndi bwino choncho.

Ntchito ya teremu yonse inathera pamenepo, pakhonde la telala. Anyamata aja sakundilankhula bwino mpaka lero. Sindikuwadzudzula. Koma filimu ndi filimu, ndipo nditapatsidwanso mwayi wosankha ndingasankhe chimodzimodzi.

Lolemba Mwanaisha anabwera, anakhala pa desiki yake, ena akumutcha malemu monong'ona. A hedimasitala alengeza kale kuti sewero la teremu yamawa likhala la ubwino wa zimbudzi. Titaweruka mtsikanayo anatsalira, n'kuima pafupi ndi tebulo langa.

"Aphunzitsi, bambo anati ndisamasewere. Sananene kuti ndisamalembe. Ndili ndi nkhani ina, ya mayi amene anauzidwa kuti mwana wake wafa. Ndiilembe?"

Ndinamuuza kuti ndifunsa kaye. Anagwedeza mutu n'kutuluka.

Tsono ndithandizeni inu awerengi. Mwana wabwerera pa sukulu, ndipo akupempha chilolezo choti alembe zimene anaona ndi maso ake. Ndikayambire kufunsa kwa yani?