Mayi Amene Sankayenera Kugwada

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha matemba. Ndinkagulitsa pageti pa kachipatala ka mishoni kwa Mwambo, ndipo a Namakhwa, adokotala a pamenepo, atatopa ndi phokoso langa anati, "Mtsikana iwe, miyendo imeneyi ikungowonongeka. Ubwere mawa." Kukhala pansi sindinkatha, choncho ntchito yoyendera odwala pa njinga inandiyenera.

Amene anandizunguza mutu anali Abiti Saidi, mlimi wa mpunga kufupi ndi doko lopitira ku chilumba cha Chisi. Ankadwala lupasi, matenda amene thupi limadziukira lokha. Mapiritsi a puredinisoloni anawathandiza, koma anawawonongera chiuno. Magazi anasiya kufika kumutu kwa fupa la ntchafu, fupalo n'kuyamba kufa. Madokotala a ku Zomba analamula kuti mwendowo usamaponde pansi, apo ayi fupa lidzaphwanyika.

Ndinawayeza ndodo, kusiya zala ziwiri kunsi kwa khwapa, n'kukhomera zidutswa za tayala pansi pake kuti zisamamire m'matope. Kuyenda anaphunzira msanga. Vuto linali kugwada. Mayiwa ankagwadira aliyense, ngakhale ine mwana wadzulodzulo powapatsa mapiritsi.

"Amayi, chonde musagwade!"

"Ndilandire ndili chilili ngati mbuzi? Anandilera anthu ine, mwanangu."

Ndinkapsa mtima zedi, njira yonse kubwerera ndikuyankhula ndekha.

Tsiku lina ndinapeza apampando a chipani ali pakhomo pa mayiwa, akufunsa chifukwa chimene sankaonekera kokonzekera magule a amayi. Sanabwere ndi ukali, ankangofuna yankho. Abiti Saidi anatuluka n'kutsamiritsa ndodo zija pakhoma. Ndinataya njinga n'kuliyatsa liwiro, koma ndinachedwa. Anagwada, osadzukanso. Kulira kwawo ndimakumvabe.

Tinawanyamulira pachitseko mpaka kumsewu. Fupa linali litaphwanyika, ndipo chiuno chachitsulo masiku amenewo tinkangochimva m'nkhani. M'munda mwawo sanapondemonso.

Ndinauza a Namakhwa kuti ntchito ndasiya, bola matemba.

"Ulemu sungamuletse munthu," anatero. "Uziwayambirira ndiwe."

Sindinasiye. Ndagwira ntchitoyi mpaka imvi, ndipo pakhomo pa wodwala chiuno sindiodira panja kuti atuluke. Ndimalowa msangamsanga n'kugwada ineyo pambali pa mphasa, iye asanaganize n'komwe zodzuka.