Nsawa zachuku

Nditangofika ku chitengwa ku Pembamoyo, zaka zija ogula mbewu atayamba kuyenda pakhomo ndi sikelo, apongozi anandiphunzitsa kusenda nsawa mosapweteka zala. Ankaziwaza madzi n'kuzifunditsa thumba. Pakutha masiku awiri makoko ankafewa, koma pansi pa mulu pankamera chuku chobiriwira, chonunkha ngati bulangete lonyowa.

Tikasenda tinkasankha. Zonenepa zinali za ogula, zofota ndi zachuku zinali zathu. Apongozi ankazikazinga n'kusinja nsinjiro zothira m'phala la mwana wanga, amene anali atangoyamba kudya.

Ine ndinabadwa wofunsafunsa, mpaka amayi ankati ndidzafunsa ndi maliro anga omwe. Tsiku lina ndinathira zotsala pa lichero kwa tiana ta abakha. Sabata isanathe tinayi tinafa, pomwe nkhuku zodya zomwezo zinkangoyenda bwinobwino. Zinandizunguza mutu. Ndinang'amba kamodzi mwa takufato ndi mpeni, n'kupeza chiwindi chotuwa, chofewa ngati phala. Kenaka ndinakazinga nsawa zina zachuku mpaka kuda bii, n'kupatsa tiwiri totsala, poganiza kuti moto umapha zonse. Nato tinafa.

Nditapita ndi mwana kusikelo ku boma, ndinafunsa alangizi a zaulimi amene ndinawapeza pamsika. Anati chuku chimafa pamoto, koma poizoni amene chimasiya m'nsawa sapsa ndipo sachoka ndi madzi. Amawunjikana m'chiwindi pang'onopang'ono, ndipo thupi laling'ono ndilo limayamba kugonja. Ndinabwerera mwana ali kumsana, mantha atandigwira.

Kunyumba ndinapeza apongozi akusefa nsinjiro. Mkamwini kapena mtengwa satsutsa apongozi, koma ndinagwada.

"Amayi, pepani, nsinjiro izi mwanayu asadyenso."

"Ha! Amake mwana, mwabwera ndi nzeru za ku boma? Ife tadya zimenezi mpaka imvi. Amuna anuwo anakulira chiyani?"

Ndinawafotokozera za abakha ndi za alangizi. Anaseka, mpaka nditatchula chiwindi. Pamenepo sefa inaima.

"Mwati chiwindi?"

"Inde, amayi."

"Munthu wake amatupa mimba? Maso n'kuchita chikasu?"

Ndinati sindikudziwa, popeza alangizi sanafike pamenepo. Kenaka anandiuza zimene mwamuna wanga sanandiuzepo. Malemu amuna awo ankakonda nsawa zokazinga, ndipo anamwalira motero. Mudzi wonse unaloza chala mng'ono wa malemuwo kuti ndiye anawalodza, ndipo apongozi anali atatha zaka zisanu ndi zitatu osamulankhula.

Kaya zinalidi nsawa, mpaka lero sindidziwa. Apongozi anakataya nsinjiro zija kudzala n'kukwirira. Atasamba m'manja anamanga chitenje chatsopano, n'kulowera njira ya kwa alamu awo aja.