Mawu a ababa m'munda wa mapira

Chaka chimene miyendo ya ababa inayamba kutupa, mapira athu ku Lirangwe anabereka ngati akuchita dala. Ngala zinalemera mpaka kuwerama, ndipo mpheta za dera lonse zinauzana. Kale ababa ankaswera pansanja pakati pa munda, kukoka chingwe cha zitini uku akukuwa, koma tsopano kukwera nsanjayo kunkawakanika. Amayi anayesa kuwalowa m'malo, koma mawu awo mpheta sizinkawaopa. Zinkangodumpha pang'ono n'kuteranso pomwepo.

Ine ndine mwana wawo woyamba, wamkazi, ndipo ndimagwira ntchito ku Blantyre yokonza zipangizo zoyezera mvula, mphepo ndi kutentha. Ndili ndi mtima wapachala. Ndikaona vuto ndimafuna lithe lero lomwe, ndipo kuona ababa akukwawira kumunda ndi ndodo chifukwa cha timbalame kunandipsetsa mtima. Ndinawauza kuti akhale pakhomo, mpheta andisiyire ine.

Ndinali ndi kabolodi kakale kamene ndinkaphunzirira ntchito, kakakulu ngati chikhatho. Mbali ina ya bolodi yotere imamva, ndiye kuti imawerenga zimene zipangizo zikuyeza. Mbali inayo imalamula. Ili ndi timapini timene timangodziwa zinthu ziwiri, kuyatsa ndi kuzimitsa, ndipo iwe umaitchera pakompyuta kuti pini yakuti iyake nthawi yakuti, ikhale choyaka kwa kanthawi kakuti, kenako idikire. Ndinagula chimkuzamawu chonga chija amagwiritsa ntchito ogulitsa mankhwala a makoswe mumsika, chimene chimasunga mawu n'kumawabwereza. Ndinalumikiza batani lake ku pini imodzi kudzera pa kaswitchi kotchedwa rileyi, kamene kamati tcha kakamayaka. Batire ndi kasola kotchajira padzuwa zinamaliza nkhani. Bolodiyo ndinaiika m'chigubu chodula kuopa mvula, n'kumangirira zonse pansanja.

Kujambula mawu ndi kumene kunavuta. Munthu amene ankakuwa mpaka kumveka kutsidya kwa mtsinje anayamba kuchita manyazi ataona chimkuzamawu, n'kumalankhula ngati akupereka moni kutchalitchi. Ndinawaseka mpaka anakwiya, ndipo atakwiya m'pamene mawu enieni anatuluka: "Iwe! Choka apo! Ndakuona!" Kenako anatsokomola, n'kutembenukira kukhitchini ine ndisanazimitse, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Inu amayi, tabwerani kuno mudzamve." Zonsezo zinalowa. Ndinafuna tijambulenso, koma iwo anakana, amvekere mpheta sizinapite kusukulu kuti zisiyanitse mawu.

Poyamba ndinatchera kuti mawuwo azimveka motalikirana mofanana, ngati belu la kusukulu. Sabata isanathe mpheta zinaloweza. Zinkanyamuka zokha nthawi ikayandikira, kukadikira mumtengo wa mango, ababa a pansanja n'kukuwa m'munda mopanda kanthu, izo n'kubwerera kudzadya. Ababa enieni anaseka mpaka misozi, amvekere makina anga ndi aulemu kwambiri, amayamba aodira asanalowe. Zinandiwawa. Ndinabwera ndi kompyuta Loweruka lotsatira n'kusintha. Ndinalamula bolodi kuti ikamaliza kukuwa izisankha yokha kutalika kwa nthawi yodikira, mwina pang'ono, mwina mpaka munthu kuiwala, ndipo dzuwa likalowa izikhala chete. Kuchokera tsiku limenelo panalibe amene ankadziwa nthawi imene mawuwo amveke, ngakhale ine amene ndinatchera.

Ababa anatisiya mapira asanakololedwe. Chakudza sichiimba ng'oma. Tinkangoti ndi miyendo, osadziwa kuti ndi mtima. Pa chipwirikiti cha maliro palibe amene anaganizako za kumunda.

Njira ya kumanda kwathu imadutsa m'mphepete mwa munda womwewo. Linali dzuwa la masana, kopanda mphepo, amayi a mvano akuimba patsogolo. Bokosi litangofika pa mtengo wa mango uja, mawu anatuluka m'mapira: "Iwe! Choka apo! Ndakuona!" Nyimbo inaduka pakati. Adzukulu onyamula bokosi anaima, mmodzi mpaka bokosi linamupulumuka paphewa, anzake n'kuligwira. Mpheta zinanyamuka zonse pamodzi. Ndiye m'bata limenelo tinamva kutsokomola kuja, kenako mawu otsitsa, a munthu amene ali pakhomo pake: "Inu amayi, tabwerani kuno mudzamve."

Amayi anali atagwiridwa ndi azimayi awiri uku ndi uku. Anadzisomphola, n'kuponda phazi limodzi kulowera m'munda, ndipo ndinawamva ndi makutu anga akuyankha kuti, "Ndikubwera."

Tsiku lomwelo ndinafuna kukazula waya, koma amayi anandiletsa. Sanakuwe. Anangonena kuti ndikakhudza chinthu chimenecho ndisadzapondenso pakhomo pawo. Ndinabwerera ku Blantyre ndikudziuza kuti pakapita masiku atopa nazo okha.

Sanatope. M'mawa uliwonse ankatenga mphasa kukakhala pansi pa nsanja, kudikira. Mnansi wathu, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, ankawapititsira chakudya komweko, madzulo n'kukachitenga chili chivindikirire. Anthu anasiya kudutsa njira ija. Ndinayesa kuwafotokozera ena kuti ndi waya chabe ndi batire, koma bambo wina anandiyankha kuti makina amasunga nthawi, pamene uyu amaitana pamene wafunira, ndipo anaitana bokosi lake likudutsa. Koma kusasunga nthawiko ndinakuika ndine.

Ndinakhala nawo amayi pamphasapo Loweruka lina. Ndikudziwa waya aliyense wa m'chigubu chija, koma ndinkaopa. Chinkandiopsa si mawuwo ayi, koma kudikirako. Mapira ankangoti waa, mpheta zikudya pamwamba pathu, ndipo iwe sudziwa ngati ndi tsopano kapena ayi. Kenako rileyi inkati tcha, ine n'kudzidzimuka ababa asanayambe n'komwe. Amayi sankalabadira za kukuwako. Ankadikira kutsokomola, n'kutsamira kutsogolo, ndipo mawu omaliza aja akatha ankagwedeza mutu. Chitenje chinali chitayamba kuwazungulira kawiri m'chiuno.

Ababa anali mkamwini kwathu. Kwawo ndi ku Chileka, ndipo mwambo wake ndi wakuti pakapita nthawi abale a mwamuna amabwera kudzasudzula mkazi wamasiye, kumuuza pamaso pa anthu kuti m'bale wawo wapita, iye ndi womasuka. Amene anabwera kudzakamba za tsikulo ndi azakhali, mlongo wawo wa ababa, mayi wamfupi wosachedwa kulankhula. Amayi anawalandira bwino koma anakana. Anati munthu amene akumuitanabe mkazi wake tsiku ndi tsiku sanamusiye, ndiye asudzulidwa bwanji.

Azakhali anawayang'ana amayi kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako ananyamuka, kupita kumunda, kukwera nsanja ndi ukalamba wawo womwewo, n'kudula waya ndi mpeni wosendera mbatata. Anatsika ndi chimkuzamawu atachikulunga m'chitenje.

"Alamu," anatero, "ine ndaika kale mchimwene wanga. Wakufa akamakuitana tsiku ndi tsiku, tsiku lina umayankha ndi miyendo. Inu sindikuikani chaka chino."

Anakwera kabaza kupita nacho ku Chileka. Mawu onse a ababa anali m'chimkuzamawumo, kwina kulikonse kunalibe. Ndinawakwiyira azakhali chifukwa cha waya wanga, koma pansi pa mtima ndinawathokoza.

Ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Koma amayi anapitirizabe kupita kumunda ndi mphasa yawo, kukakhala pansi pa nsanja yopanda mawu. Mpheta zinadya mapira mmene zinafunira. Nditapitako ndinapeza maso awo atalowa m'kati, ndipo ndinachita mantha enieni kuti azakhali ananena zoona, kungoti anachedwa. Ndinawakalipira amayi, ndinalira, ndinawaopseza kuti ndiwatengera kutauni. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatha mawu.

"Mwanawe," anatero, "azakhali ako anawadula ababa ako pakamwa asanamalize. Katchere kuti aitane kamodzi kokha. Usandiuze tsiku."

Ndinawakumbutsa kuti chimkuzamawu chili ku Chileka, kuti pini ikayaka palibe chimene chimveke, waya akungolendewera. Anandiyankha kuti za waya ndi zanga, ine ndingotchera basi. Ndinaona kuti kukana sikundipindulira kanthu. Ndinakwera pansanja ndi kompyuta mokwiya, n'kufufuta zakale zonse. Ndinalamula bolodi kuti isankhe yokha tsiku limodzi ndi nthawi imodzi mwezi usanathe, iyatse pini kamodzi, ndipo isadzayatsenso. Ndinawonjezera kanyale kobiriwira m'kati mwa chigubu kuti kadzayake zikadzachitika, n'cholinga choti ine ndidzadziwe. Ndinatseka chigubucho ndi waya, ndipo za kanyaleko sindinauze munthu.

Masiku amenewo ntchito sinkayenda. Foni ikalira ndinkaithamangira. Ndinkadzifunsa kuti ndachita chiyani, kupatsa munthu wodwala chinthu chodikira chimene sichidzamveka. Mwezi ukatha amayi osamva kanthu, adzatani?

Anaimba ndi mnansi uja, masana ena pakati pa sabata. Anati amayi abwerako kumunda dzuwa likadali pamutu, mphasa ili m'khwapa, ndipo apempha madzi osamba. Anati amayiwo akundifuna.

Nditatsika minibasi sindinapite kunyumba. Ndinadzera kumunda. Kunali zii, ngala zambiri zitasanduka mankhusu, nsonga ziwiri za waya zikulendewera pamene azakhali anadula. Waya wanga wotsekera chigubu anali mmene ndinamusiyira. Ndinamasula n'kusuzumira. Kanyale kanali kakuyaka.

Ndinakhala pansanjapo kanthawi. Ndikudziwa zimene munthu wa ntchito yanga anganene: amayi anali pansi pomwepo, anamva rileyi ikuti tcha, zotsalazo mtima unamaliza wokha. Ndimadziuza zomwezo mpaka lero. Koma pobwerera kunyumba sindinacheuke.

Ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo, atavala duku loyera. Pambali pawo panali mbale yoti adyeramo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza. Kenako ndinafunsa ngati anamva.

"Ndinamva," anatero. "Anaingitsa mpheta bwinobwino, zonse zinanyamuka. Anatsokomola." Anang'amba khoko lina la nandolo. "Ndinadikira, mwanawe. Ine sanandiitane."

Misozi inatsika, koma sanaipukute, ndipo manja sanasiye kusenda. Ine ndinalira mokweza kuposa tsiku la maliro. Atamaliza anakutumula chitenje, n'kundiuza kuti mawa ndilawirire ku Chileka, ndikauze azakhali kuti abwere adzawasudzule.