Mfuti ya abwana yayamba kufumbwa

Achimwene, lero chakwana chaka chitisiyireni. Ine ndikadali pantchito ku Midrand kuno, kupukuta fumbi pa mfuti yakale ya abwana, ija munaikonza mtengo wake utathyoka pakati. Ndinakugwirirani zidutswazo mpaka guluu atauma, inu mukundiseka: "Mlongo, usanjenjemere, siilira iyi."

Mutayamba kutsokomola, bwana yemweyo anakutsekerani geti ngati galu. Pano amauza alendo kuti anaikonza yekha. Ndiye imvani, achimwene: mtengo uja wayamba kufumbwa. M'mawa uliwonse ndimasesa ufa wake pansi, ine pakamwa tseke. Ndikudikira tsiku lomwe adzaitsitse pakhoma kuti adzitame, idzamuthyokere m'manja alendo akuona. Adzaikonzetu yekha. Paja ndi mmisiri.