Chijasi cha malemu chapitanso kumapiri

Lachiwiri lapitali mlongo wanga Yusufu, yemwe amayendetsa galimoto ya mzungu ku Sandton, anabwera kukachipinda kanga kuseri kwa nyumba ya adona ku Randburg. Asanakhale n'komwe, maso anali kale pa chijasi cha malemu amuna anga.

"Achemwali, mundibwereke chijasichi. Bwana akupita kumapiri a ku Lesotho, akuti kwagwa sinowo yatsopano. Ndikajambulitse, a ku Machinga aone kuti Yusufu sanabwere ku Joni kudzasewera."

Chijasicho chinapitako kale kumapiri amenewo, ndipo chinabwerako chokha.

Amuna anga, bambo a Asiyatu, anali khukhi. Bwana wawo anawatenga kuti azikawaphikira kumapiriko. Atafika anapeza chipale chofewachi chagwa usiku wonse, kwacha bwino, dzuwa lili phwee. Sinowo ya pamsewu inali itapondedwapondedwa, yamatope, ndiye iwo anafuna poyera, popanda phazi la munthu. Anavula chijasi kuti suti ioneke, anapatsa bwana kamera, n'kulowa m'kachigwa ka m'mbali mwa phiri. Bwana akuti anangomva kulira ngati thumba lagwa, kenako mbali yonse ya phirilo inatsetsereka.

Ife Asilamu timaika maliro tsiku lomwelo. Amuna anga anagona pansi pa sinowo mpaka anthu atapeza njira yokawakumba.

Amene anawakumbawo ndi omwe anandifotokozera. Sinowo yakale imauma pansi n'kumaterera ngati galasi. Yatsopano ikagwa imangokhala pamwamba, siinagwirane ndi inzake, ndipo mphepo imaiunjika m'zigwa. Pamene paoneka posalala ndi pokongola ndi pomwe pali polemera. Munthu mmodzi akapondapo, yonse imanyamuka.

Zonsezi Yusufu amazidziwa, pamaliro analipo. Koma anaseka.

"Hawu, achemwali! Alamu linali tsoka chabe. Sinowo si ufa basi? Ufa unaphapo ndani?"

"Iwe Yusufu," ndinatero, "kwathu mvula ikangokata, umawoloka mtsinje nthawi yomweyo?"

"Ayi, timadikira madzi aphwe."

"Nanga phiri la eni ukulithamangira chiyani?"

Apa ndi pamene timalakwira, abale anga. Mtsinje timaudziwa, tinakula nawo, ngakhale mwana amauopa. Sinowo tinaidziwira pa makalendala a m'makhitchini a azungu, ili mbee, yosalankhula. Ndiye kukacha bwino timayesa zoopsa zatha, pamene ndi tsiku lomwelo zikuyamba.

Komanso tili ndi matenda a zithunzi. Ndani wa ife sanabwerekepo suti, kapena kutsamira galimoto ya bwana, kuti kumudzi anene kuti zikuyenda? Sindikunyoza. Inenso ndinajambulitsapo m'munda wa maluwa wa adona ngati wanga. Koma maluwa sakwirira munthu. Mayi ako ku Machinga akufuna chithunzi chokongola, kapena akufuna iweyo?

Chijasi ndinamupatsa. Kumumana sikukanamuletsa ulendo, akanangopita n'kukazizidwa. Ndinangomugwira dzanja.

"Ukaime pamsewu, pomwe magalimoto adutsa. M'chigwa usakalowemo, ngakhale bwana akuitane. Ndipo chijasichi usakavule."

"Chabwino, mayi a Asiyatu, ndamva," anatero akukoka mawu ngati mwana wotumidwa kuchigayo.

Masiku otsatirawo ndinagwira ntchito ngati munthu wogona. Lamya ya m'nyumba ikalira, ndinkasiya mbale n'kutchera khutu. Paja uthenga wa imfa ya amuna anga uja unabwera pa lamya yomweyo, adona n'kundiitana kuchokera pa ayironi.

Dzulo Yusufu wabwera, mphuno itasupuka ndi chisanu, m'manja muli kachithunzi ka kamera zotulutsa pompopompo zija. Waima pambali pa galimoto, chijasi chamumiza mpaka m'makutu, nsapato zili m'matope. Sinowo yoyera ikuoneka kutali, kumbuyo kwake.

"Taonani zomwe mwandichititsa, achemwali. Ndikuoneka ngati mlonda wa m'mafakitale a ku Marlboro. Ichi ndingatumize kumudzi?"

Ndamuuza kuti ngati sachifuna chithunzicho andisiyire. Ndachipachika pakhoma, pamalo pomwe pakanakhala cha bambo a Asiyatu. Chawo chikanakhala chokongola kuposa ichi, suti yakuda pa sinowo yoyera. Koma chijasi ulendo uno chabwera ndi munthu m'kati.